Mwana wa Msodzi Asadye Msuzi Wokha

Tamverani inu a ku Mbamba Bay, inu a ku Liuli ndi Lituhi, mpaka kumalire a Chiwindi! Nyanja ikukupatsani ndiwo usiku ndi usana, koma ana anu akupinimbira inu mukuona. Mudzayankha chiyani?

Chiyambire 2012, pamene Nyasa, ku Tanzania, inapatulidwa ku Mbinga n'kukhala boma palokha, Mbamba Bay yakula. Msewu wa phula wotsika m'mapiri a Amatengo unafika kunyanja, ndipo mu 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anadzaika mwala wa maziko a doko latsopano. Alendo achuluka, malo odyera nawo achuluka. Mlendo akangotsika basi ya ku Songea, aliyense amathamangira kumulozera kumene amaotcha bwino mpasa, kumene kampango wake ndi wonona, kumene mowa umakhala wozizira. Nanga mayi wobereka mwana kumbuyo, ndani anamulozerapo kumene mwana wakeyo angadye n'kukhuta, osadzuka akutsegula m'mimba?

Khalani madzulo pa benchi la amayi ophika zogulitsa, aja kumeneko amawatcha mama ntilie, muone nokha. Bambo wagulitsa usipa wa usiku wathawu, wabwera ndi banja lake. Waitanitsa kondowole ndi nsomba yathunthu. Iye wayambira pamsana pali mnofu, mayi akutola kumchira, kamwana ka zaka ziwiri akukapatsa mbamu yoviika mu msuzi. Kakatambasula dzanja kulinga kunsomba, mawu ali okonzeka kale: "Iwe, minga ikutsamwitsa!" Abambo inu, zala zanuzo zimamasula chilimira chopiringizika pakati pa nyanja mumdima. Zingalephere kuchotsa minga m'kachidutswa kamodzi ka nsomba? Minga mukungoinamizira, vuto ndi dyera. Mwana akalira mumamugulira botolo la soda kuti atonthole, kamimba n'kudzaza shuga ndi mpweya, inu n'kumati mwamusangalatsa.

Komabe ameneyu ndi wabwinoko, poti mwana wake wafika pa benchi. Tsoka inu amene ndalama ya usipa imathera pa chipsi mayai ndi mowa, mukudya nokha ndi anzanu, ana kunyumba akugonera kondowole wa madzi amchere! Tsoka inu amene mumachotsa masikito pogona mwana n'kukakokera tinsomba m'mbali mwa nyanja! Mwamupereka kwa malungo lero, mwamulandanso nsomba za mawa.

Kafukufuku wa boma la Tanzania wa 2022 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5, ana 30 ndi opinimbira. Chigawo cha Ruvuma, mmene muli Nyasa, chomwe chimanga chake chimadyetsa dziko, chinali pamwamba pa chiwerengero chimenecho. Kuipa kwa kupinimbira n'kwakuti sikufuula. Mwana amasewera, amasambira, anthu n'kumati ndi wamfupi ngati agogo ake. Koma zimene thupi ndi ubongo zataya m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira ali m'mimba mpaka zaka 2, n'zovuta kuzibweza. M'mera mpoyamba. Chinangwa chimadzaza mimba, koma pachokha sichimanga thupi la mwana.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mankhwala ake ali pathandala pomwepo, akuuma padzuwa. Usipa umadyedwa wonse, mutu ndi mafupa omwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi. Mayi akaukazinga pang'ono, n'kuusinja, n'kuusefa, supuni imodzi mu phala la mwana amene wakwana miyezi 6 imachita zimene bisiketi wa m'sitolo sangachite. Ulibenso minga yoopa. Koma matumba amakwera magalimoto kupita ku Songea ndi Dar es Salaam, kukalimbitsa ana a eni ndalama. Kugulitsa si tchimo, fizi ndi sopo zimachokera momwemo. Tchimo ndi kugulitsa mpaka chitini chomaliza.

Nanunso eni malo odyera, musaganize kuti uthengawu wakulambalalani. Beseni lanu limodzi lija amasambamo m'manja anthu khumi, madzi n'kuchita kuyera mbuu ndi nsima, ndiye mwana n'kubwera pomaliza kudzaviikamo zala. Mbale mukutsukira madzi otunga m'mbali mwa nyanja, pomwe ena akuchapa, ena akudzithandiza. Ntchentche zikuchoka kuseri kwa nyumba n'kudzatera pa nsomba yosavundikira. Mwaiwala kodi kuti mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo Nkhata Bay, tsidya lija mukuliona dzuwa likamalowa, inali m'gulu la maboma okanthidwa? Nyanja ndi yomweyi. Wamkulu angapirire, koma khanda likayamba kutsegula m'mimba limatha madzi m'thupi tsiku lisanathe. Ketulo yothirira madzi ndi kachidutswa ka sopo si zinthu zoti zingagwetse malonda anu.

Abusa, ansembe ndi mashehe, paukwati ndi pamaliro mumakhala kutsogolo mbale za nyama zikudutsa. Onani amene akudya pomaliza, atakhala pansi kuseri, akulimbirana zotsala. Mwambo woti wamkulu ayambe mwana atsirize watipatsa ana ofooka, ndipo inu muli ndi guwa loti muudzudzulirepo.

Choncho wina akakufunsani kumene angadye bwino ku Mbamba Bay, muuzeni za malo amene amathirira madzi oyera ndi sopo, amene amavundikira chakudya, amene amalola theka la mbale ya mwana pa mtengo wake ndipo mnofu ulimo. Kumene kulibe zimenezi musadyeko, musatumizeko mlendo, ndipo mwini wake mumuuze chifukwa chake pamaso.