Mabowo Atatu pa Ampu ya Malume

Malume anga atamwalira, ampu yawo ya gitala inagwera ine. Kwathu zimenezi sizachilendo, mwana wa mlongo ndiye amatola zotere. Anaipanga okha: mavalavu awiri a 12AX7 olandira mawu, awiri a EL84 owapatsa mphamvu, zonse m'bokosi la matabwa a paini.

Vuto linayamba nditagula kabokosi ka delay, kaja kamabwereza mawu ngati phiri likukuyankha. Ndikakalumikiza pakati pa gitala ndi ampu, n'kukweza mpaka mawu ayambe kusasa, zonse zinkasanduka phala. Mavalavu oyamba aja amapotoza chilichonse chimene alandira, mawu atsopano ndi obwerezedwa pamodzi. Mankhwala ake ndi effects loop. Umadula njira ya mawu pakati pa preamp ndi mavalavu amphamvu, n'kuikapo masoketi awiri, yotulutsira ndi yobwezera. Delay imalandira mawu atasasa kale, n'kuwabwereza moyera.

Koma si kudula waya chabe. Pamalo amenewo mawu amakhala amphamvu kuposa mmene kabokosi ka batire ya ma volt 9 kangapirire. Pamafunika kuwachepetsa potuluka ndi kuwakwezanso pobwera, ndipo ntchito imeneyo imafuna valavu ina. Valavu, bowo limodzi pachitsulo. Masoketi, mabowo awiri. Waya ukhoza kuulumikizanso ndi mtovu. Bowo silibwerera.

Ndiye kwa miyezi ingapo ndinkadzifunsa: chinthu chimene wakufa wakusiyira, kodi ndi chako, kapena wangosungitsidwa? Ngati n'changa, ndiboole mmene ndingafunire. Ngati ndasungitsidwa, mwini wake sadzabwera kudzachitenga, ndipo sangandiloleze kapena kundikaniza. Kukhala chete kwa akufa n'kosavuta kukumasulira mokomera iwe wamoyo. Apa m'pamene panandivuta kwenikweni.

Amayi sanafune nzeru zambiri. "Mwana wanga, alongo anga anakusiyira kuti uziimba kapena uziboola?" Ndinalibe yankho, chifukwa kwa ine ziwirizi zinali zitasanduka chinthu chimodzi.

Tsiku lina ndinaitsegula, kungofuna kuona. Ndinayamba ndataya magetsi otsalira m'makapasita, chifukwa amatha kusunga ma volt opitirira 300 ngakhale ampu itazulidwa kukhoma. Dzanja limodzi m'thumba, monga anandiphunzitsira iwo omwe. M'katimo ndinapeza mawaya amitundu itatu, ena ooneka kuti anaikidwa patapita zaka. Panali bowo lopanda ntchito, lotsekedwa ndi kabawuti. Pambali pa resistor ina panali nambala yolembedwa ndi pensulo, yokhwatchidwa, ndi ina pamwamba pake. Munthu uyu sanaimalize ampuyi. Imfa ndiyo inamulanda chowotcherera m'manja.

Ndinasangalala, kenako ndinachita manyazi ndi chisangalalocho. Ndinali nditapeza umboni umene ndinkaufuna kuyambira pachiyambi. Inde, iwo ankasintha, koma ankasintha chawo. Mwina chimene anachisiya chomaliza ndicho chinali chowakomera kutu. Kuti munthu ankakonda kusuntha mipando m'nyumba mwake sizikupatsa iwe ufulu wogwetsa khoma.

Komabe sindikhulupirira kuti kulemekeza ndi kusakhudza. Ampu yosayatsidwa imafa mwakachetechete: makapasita amawonongeka, dzimbiri limalowa m'masoketi. Ndipo ndinadziwa kuti ndikapanda kuboola, ndidzagula ina, iyi ndidzaiika pamwamba pa kabati, ataifunditsa nsalu. Kumeneko kukanakhala kuwaika m'manda kachiwiri, koma mwaulemu woti palibe angandidzudzule.

Ndinaboola Loweruka m'mawa. Ndinaikanso siwichi yolambalala dera latsopanolo, kuti mawu azitha kudutsa njira yawo yakale. Bowo lake, ndiye lachinayi. Ndinagwiritsa ntchito lija la kabawuti. Limodzi mwa anga linapendekeka pang'ono, ndipo ndimaliona nthawi zonse.

Kodi ikulira ngati kale? Sindinaijambule ndisanayambe, ndipo khutu silisunga mawu mokhulupirika. Madzulo ake ndikuyesa, amayi anafuula ali kukhitchini kuti amva alongo awo. Delay inali yoyatsa. Sindinawauze.