Mkangano wa Abale Awiri pa Mbale ya Kadzutsa

Werengani Danieli 1:8-16.

Ambiri a ife tikaona bokosi la Corn Flakes m'sitolo sitidziwa kuti chakudyacho chinabadwira m'khitchini ya chipatala cha mpingo wathu. M'chaka cha 1866 abale anatsegula nyumba ya odwala ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan ku Amereka, patapita zaka zitatu Ellen White ataonetsedwa masomphenya a za umoyo. Mu 1876 dokotala wachinyamata, John Harvey Kellogg, anapatsidwa udindo woyang'anira malowo. Masiku amenewo anthu ambiri kumeneko ankafisula ndi nyama ya nkhumba, zokazinga ndi khofi, ndipo odandaula m'mimba anali osawerengeka. Dokotalayo ndi mng'ono wake Will anafunafuna kadzutsa wopepuka wochokera ku mbewu. Mu 1894 anapeza njira yopsinja tirigu wophika kuti akhale tizidutswa topyapyala, ndipo pambuyo pake anachita chimodzimodzi ndi chimanga.

Chinawagawanitsa ndi shuga. Will ankaona kuti anthu sangagule chinthu chosakoma mkamwa. John ankaona kuti kuthiramo shuga ndiko kupha cholinga chonse. Mu 1906 Will anayamba kampani yakeyake. Awiriwo anakokerana kubwalo la milandu polimbirana dzina la bambo wawo, ndipo mu 1920 mlandu unakomera wamng'ono. John anamwalira mu 1943 asanayanjane.

Kodi analondola ndani? Ine sindifulumira kumuweruza Will. Chakudya chabwino chimene palibe wochidya sichichiritsa munthu, ndipo mayi aliyense amene ananyengererapo mwana wodwala kuti alaweko phala akudziwa zimenezi. Mulungu amene analenga lilime ndi yemweyo analenga uchi ndi mango. Sitinganenenso kuti John anali wolungama pa zonse, pakuti mu 1907 anachotsedwa mumpingo atasemphana ndi abale pa chiphunzitso ndi pa ulamuliro wa chipatala chija.

Komabe pa nkhani ya shuga mkuluyo anaona patali. Wogulitsa akazindikira kuti supuni imodzi yakopa ogula, palibe chomuletsa kuthira yachiwiri, chifukwa funso lasintha. Poyamba linali lakuti, chomuyenera wodwala n'chiyani? Tsopano ndi lakuti, chimene munthu adzabwerere kudzagulanso n'chiyani? Mu 1952 kampani ija inatulutsa Sugar Frosted Flakes, ndipo mu 1953 inatulutsa Sugar Smacks, chakudya cha ana chimene pafupifupi theka la kulemera kwake linali shuga. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene munthu amaipeza m'chakudya cha tsiku. Kwa munthu wamkulu ameneyu ndi shuga wa magalamu ngati 50, kapena timasupuni 12.

Palinso china chimene bokosi silinena mokweza. Chimanga cha tizidutswa tija amayamba achichotsa gaga ndi kamtima, monga timachitira pokonola ufa woyera, kenaka n'kubwezeramo mavitamini ogula. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nthochi ili pambali, lili pafupi ndi chimene dokotala uja ankafuna kuposa zambiri za m'mabokosi zokhala ndi dzina lake. Nanga n'chifukwa chiyani timachita nalo manyazi? Ndagonapo m'nyumba za okhulupirira kumene mbatata yophika inabisidwa kukhitchini, ine mlendo n'kundiikira buledi woyera ndi bokosi logula ndi ndalama yovuta. Ndinadya moyamika, koma mtima unali kukhitchini kuja.

Chakudya chimene Danieli anakana ku Babulo chinali cha pagome la mfumu, cholemekezeka koposa m'dziko lonselo. Iye sananyoze amene ankadya. Anangopempha mwaulemu kuti amuyese masiku khumi ndi zomera ndi madzi, kenaka ayerekeze nkhope yake ndi za anzake.

Zokambirana m'kalasi: Mlungu uno werengani timasupuni ta shuga timene mumathira m'phala ndi m'zakumwa za ana anu dzuwa lisanakwere. Mwapeza tingati? Ndani anaganiza kuti tikhale tochuluka chotero, inu kapena lilime la mwanayo?