Kodi Ndimuuze Zonse?



Funso lathu lero likuchokera m'chikwama cha mwana wasukulu. Tinene kuti zaka ziwiri zapitazo munadya chilimba n'kupita m'tauni kukagulira mwana laputopu. Ndalama ya HP kapena Dell yatsopano sinakwane, ndiye munatenga kaja kopepuka, kowala ngati siliva, ka dzina losadziwika bwino, kochokera ku China. Kanakutumikirani ndithu. Manje katopa. Batire ikutha ola lisanakwane, mukamatsegula hinji ikulira, ndipo masiku ena kakungozima kokha. Mwaika chithunzi pa status kuti mukugulitsa, ndipo oyamba kuyankha ndi mayi amene mumakhala nawo benchi limodzi pa Sondo. Mwana wawo walowa koleji. Akufunsani funso limodzi chabe: "Kodi kakugwira ntchito?"

Mukayatsa kakuyaka. Ndiye mukayankha kuti "inde amayi" n'kulekera pomwepo, mwanama kapena simunaname?

Tisanayankhe, tikachitire chilungamo kalaputopuko. Kuchokera ku China si mlandu. Malaputopu ambiri a mayina otchuka amalumikizidwa ku China komweko. Lenovo ndi kampani ya ku China, ndipo mu 2005 inagula mbali ya makompyuta ya IBM pamodzi ndi dzina la ThinkPad, makina amene amakaniki amawalemekeza. Foni ya Tecno, itel kapena Infinix imene mwina mukuwerengerapo uthenga uno ndi ya kampani ya Transsion ya ku Shenzhen. Makampani ang'onoang'ono monga Chuwi, Teclast ndi Jumper athandiza mabanja ambiri kugwira kompyuta koyamba. Kugula chotchipa si uchitsiru. Munthu amagula molingana ndi thumba lake.

Koma mtengo ukatsika, pali pamene opanga achepetsa. Purosesa, ngakhale ija yofooka ya Intel Celeron, siifa kawirikawiri. Zimene zimayamba kutopa ndi zoizungulira. Batire ya lithium imachepa mphamvu ikatchajidwa maulendo mazana angapo, ndipo kutentha kumaifulumizitsa. Nthawi zina imatupa mpaka kutukula kiyibodi. Hinji imamangidwa ndi tizomangira tolowa m'pulasitiki, ndiye pulasitikiyo ikasweka, sikirini imayamba kulendewera. M'makina ambiri otchipa, RAM ndi chosungira mafayilo cha mtundu wa eMMC n'zowotcheredwa pa bolodi. Chikafa chimodzi, simungachotse n'kuikapo china ngati mmene amachitira ndi SSD. Komanso batire kapena sikirini ya HP amakaniki a m'tauni amaipeza msanga, pomwe ya dzina losadziwika mungafunike kuitanitsa kunja n'kudikira masabata.

Matabuleti ali ndi vuto lina losaoneka ndi maso. Ambiri otchipa amakhalabe ndi Android imene anabwera nayo, osalandira yatsopano. Pakapita zaka, app ya banki kapena ya sukulu imayamba kukana. Malaputopu nawonso: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi malo osungira osachepera 64GB. Kalaputopu ka 32GB katsalira m'mbuyo. Onjezaniponso kuzimazima kwa malaiti kumene tinakuona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Malaiti akabwera mwamphamvu, chaja chofooka ndicho chimayamba kupsa.

Mwaona pamene pagona nkhani? Mpando ukathyoka mwendo, wogula amaona yekha. Laputopu imadwala m'kati. Pa mphindi 5 zimene mayi aja adzaiyese m'nyumba mwanu, chaja chili pakhoma, idzaoneka yangwiro. Munthu yekha padziko lapansi amene akudziwa kuti imazima ikatentha ndi inu. Mtengo umene mudzalandire udalira pa chinthu chimene inu mukudziwa ndipo iwo sakudziwa.

Mtima uli ndi maloya ambiri. Tiyeni tiwamve mmodzimmodzi.

Woyamba akuti, "Sanandifunse za batire." Zoona, sanafunse. Koma sanafunse chifukwa sadziwa kuti pamafunsidwa zimenezo. Pofunsa kuti "kakugwira ntchito?" sakufuna kudziwa ngati kayaka lero masana. Akufuna kudziwa ngati mwana wawo alemberapo mpaka chaka chithe. Inu mukumva bwino lomwe chimene akutanthauza. Kuyankha mawu ake n'kuzemba tanthauzo lake ndi bodza lomwelo, kungoti lasamba n'kuvala tayi.

Wachiwiri akuti, "Mtengo wotsikawu ukunena wokha. Wogula chakale amadziwa kuti akutchova njuga." Apa pali choonadi pang'ono. Wogula chakale amavomera kuti chinthu chingafe mawa popanda wodziwa. Koma njuga imakhala njuga ngati nonse awiri simukudziwa mmene zithere. Ngati inu mwaona kale makhadi, mnzanuyo sakutchova njuga, akuberedwa.

Wachitatu ndiye wamphamvu. Akuti, "Inenso anandigulitsa osandiuza. Pa bokosi analemba zina, m'kati munali zina. Nanga ndiluze ndekha?" Ululu umenewu ndi weniweni. Alipodi matabuleti amene amalembedwa RAM yaikulu pa bokosi pomwe m'kati muli yochepa. Ngati munanyengedwa m'sitolo, dandaulo lanu lili ndi kopita: ku Zambia kuno kuli bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene ntchito yake ndi kumva madandaulo a ogula. N'chifukwa chake lisiti siitayidwa. Koma mayi a pa benchi aja sanakulakwireni chilichonse. Mukawapatsira vutolo, silinathe, langosamukira m'nyumba ya munthu amene mwina ndi wosauka kuposa inu, amene mwina wakongola kaloba kuti akulipireni.

Manje wina afunsa kuti, "Ndiye ndizinena chilichonse chimene ndikuopa? Palibe adzagule!" Ayi. Simuli ndi udindo wolosera zam'tsogolo. Ngati laputopu sinakuvutitsenipo n'kufa patatha mwezi mutagulitsa, mulibe mlandu, ngakhale mtima uwawe. Malire ali pakati pa zimene mukungoganizira ndi zimene mwaona ndi maso anu. Dziyeseni ndi funso ili: kodi pali chinthu chimene ndikupemphera chamumtima kuti wogulayu asandifunse? Ngati chilipo, chimenecho ndicho muyenera kuyamba kunena.

Sindikunamizani, kunena zoona kudzakudyerani ndalama. Mwina mudzalandira theka la zimene mumayembekezera, mwina mayi aja adzangothokoza n'kupita. Pamenepo kuona mtima kumakhala ndi mtengo wake mu kwacha, ndipo mumatha kuuwerenga. Ambiri timadziona ngati anthu achilungamo chifukwa sitinafikepo pamalo pamene chilungamo chimalipiritsa. Kalaputopu kakang'onoka kangakuuzeni za inu mwini zimene zaka zambiri sizinakuuzeni.

Ganiziraninso za Sondo yamawa ndi inayo. Mwana uja laputopu ikamuzimira usiku woti mawa apereke ntchito, mayi ake sadzakalipira fakitale ya ku China. Adzakumbukira nkhope yanu. Mwina sadzanena kanthu, poti ife timachita manyazi, koma moni wawo adzazizira, ndipo tsiku limene mudzagulitse firiji kapena poloti, mawu anu adzakhala atatsika mtengo. Mbiri ya munthu ilibe sipeyala m'tauni.

Nanga munene bwanji? Mwachidule chabe: "Amayi, kakuyaka, koma batire ikutha msanga, kamafuna kukhala pa chaja. Hinji yakumanzere yasweka, mwana azitsegula pang'onopang'ono. Kazimapo kokha katatu mwezi uno. Chifukwa cha zimenezi ndatsitsa mtengo. Katengeni masiku atatu mukayese, mukapanda kukhutira mubweze." Mukatero mwawapatsa ufulu wosankha ali maso. Ena adzagulabe, chifukwa kwa mwana wolembera patebulo pafupi ndi soketi, makina otere angakankhe chaka china. Koma ngati batire yatupa, musagulitse choncho komanso musaitchajenso, chifukwa ingayambitse moto. Pitani nayo kwa makaniki ayambe waichotsa.

Inu ogula, chikondi sichiletsa kufunsa. Chotsani chaja muone mmene batire ikutsikira. Pa Windows, kulemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt kumatulutsa lipoti loonetsa mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Tsegulani ndi kutseka sikirini kangapo, yesani mabatani onse, ndipo funsani makaniki ngati zida zake zimapezeka. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Mukagula, zithunzi za banja ndi ntchito ya mwana muzisunganso pa flash kapena pa Google Drive, makamaka ngati chosungira chake n'chowotcheredwa.

Ngati munagulitsa kale chinthu mutabisa chilema chake, nambala ya munthuyo ikadali m'foni yanu yomweyi. Muimbireni sabata ino, mumuuze chimene munabisa, ndipo mukambirane za kubweza ndalama ina.