Kamunda Kanga N'kakang'ono

Mawu a Mulungu: Yesaya 5:8-10

M'ndime imeneyi mneneri Yesaya akudzudzula eni chuma a ku Yuda amene ankangofutukula malo awo, lero kugula nyumba ya mnzawo, mawa kumeza munda woyandikana nawo, mpaka wosauka anasowa poponda. Chilango chimene akulosera chikuchokera m'nthaka momwemo. Munda waukulu wa mphesa udzapereka vinyo wochepa, ndipo wofesa adzakolola zosafika ndi mbewu imene anafesa.

Mwina wina akuti, "Abusa, mawu amenewa akunena a maesiteti, ine kamunda kanga n'kakang'ono." Ndakumvani. Koma kwezani maso muone mapiri athu a Mchinji.

Nkhalango ya Mchinji inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924, pamene boma lino linkatchedwa Fort Manning. M'mapiri amenewa ndimo muli gwero la mtsinje wa Bua, umene umadutsa ku Kasungu, n'kulowa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja kukwera Bua kuti ikaikire mazira pa timiyala ta pansi pa mtsinje, ndipo matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Msodzi wa ku Nkhotakota sadziwa dzina lanu, koma khasu lanu limamupeza.

Palibe munthu mmodzi amene anadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikawononga phiri. Mlimi anangokweza mizere khumi m'mwamba chifukwa ana akula. Wa makala anagwetsa muwanga umodzi kuti apeze fizi ya mwana. Wa fodya anafuna mitengo ya chigafa, woumba njerwa anafuna nkhuni za uvuni. Njanji inafika ku Chipata mu 2010, chipata chatsopano cha malire a Mchinji ndi Mwami chinatsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo kumene kukuyenda malonda anthu amafunako mapuloti. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, ndipo sindikunyoza umphawi wa munthu. Koma makolo anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo umenewu ausenza ndi ana athu.

Mvula ikagwa pa phiri la mitengo, masamba ndi mizu zimaigwira, madzi amalowa pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe chilimwe chonse. Ikagwa pa phiri lopanda kanthu imathamanga, imakokolola nthaka ya chonde, imang'amba zigwembe, imadzaza mchenga m'dambo. Pofika Okutobala chitsime chaphwa, dimba lauma, amayi akudzuka tambala asanalire kukasaka madzi. Fetereza amene munagula pogulitsa mbuzi wapita ndi madzi. Si zimene Yesaya ananena kodi?

Tchimo lotere limavuta kulapa chifukwa aliyense amaona kachigawo kake kokha. Mulungu amaona phiri lonse. Pa Levitiko 25:23 akukumbutsa Aisraele kuti dziko ndi lake, iwo ndi alendo chabe. Mlendo sazula nsanamira za nyumba imene wagonamo. Ndipo ife a mpingo tisaloze chala kunja kokha. Matchalitchi ndi nyumba za abusa zambiri tamanga ndi njerwa zootcha. Tinaimba ndi kuvina tsiku lotsegulira, koma tinafunsa kuti nkhuni za uvuni zinachokera kuti? Tinabwezerapo mitengo ingati?

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre. Mabanja athunthu anatha usiku umodzi. Asapezeke pakati pathu wonena kuti iwo anali ochimwa kuposa ife. Ambiri anamanga m'phiri chifukwa ndi kumene akanakwanitsa kupeza malo. Tiwalire, ndipo maliro awo atiphunzitse ife amene mapiri athu akadali ndi mitengo.

Inu mafumu ndi anyakwawa amene muli mumpingo uno, Mulungu anakupatsani mawu pa nkhani ya malo. Musagawe puloti pamalo otsetsereka kwambiri, musatseke maso malire a nkhalango akamasunthidwa, ngakhale wopemphayo abwere ndi envelopu. Inu alimi, pangani akalozera, dzalani vetiva, ndipo chitsa chikaphuka m'munda musachitenthe, chisiyeni chikule.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ndikupempha mphakati uliwonse usankhe malo amodzi, gwero la kamtsinje kapena chigwembe chimene chayamba kukula, ukambirane ndi amfumu, udzalepo mitengo ndi kuiteteza ku moto ndi mbuzi mpaka itakula. Akulu a mpingo, nkhaniyi muiike pa msonkhano wanu ukubwerawu. Amen.