Kodi Woyendetsa Ngolo Wokalamba Akhale Pati?

Pa msonkhano wa bungwe la alimi, wapampando amakhala kutsogolo, koma mkulu amene anayendetsa ngolo za ng'ombe, Chipata akali Fort Jameson, amakhala pakhomo. Ena amati nkoyenera, popeza salimanso ndiponso saponya ndalama. Mau amenewa si opusa ai, pakuti bungwe siliyenda ndi cifundo cokha. Koma ndani anaphunzitsa ng'ombe zathu kumva maina ao, ndi anyamata kusema goli losapweteka khosi? Timampatsa bulangete pa tsiku la phwando, inde. Koma ine ndifuna kuti pokangana za mtengo wonyamulira matumba a nshawa kucokera ku Mtenguleni, iyenso alankhule, ndipo dzanja lace liwerengedwe pamodzi ndi athu.