Kodi munda woyera ndiwo wa mlimi wolungama?

Mwezi wa Januwale, munthu wodutsa m'tinjira ta kumudzi amaweruza eni minda asanawaone nkhope. Pomwe mizere yapaliridwa mbee, dothi lofiira likuonekera pakati pa chimanga, amati apa pali mlimi. Pomwe zoyanga zaphimba pansi, amapukusa mutu. Maweruzidwe otere ali ndi mboni m'Baibulo, pakuti buku la Miyambo, mutu 24, limadzudzula mlesi amene munda wake unamera minga ponseponse.

Koma pa Mateyu 12 Yesu akusimba za mzimu woipa umene unachoka, pobwerera nkupeza nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo, ndipo unakatenga anzake asanu ndi awiri. Kodi choipa chimatha pongochizula, kapena pamafunika chabwino cholowa m'malo mwake? Munda uli ndi yankho lake. Khasu likatembenuza dothi, njere za udzu zomwe zinali mumdima zimaona dzuwa, ndipo mvula ikangogwa zimamera mwamkokomo.

Mlimi wobzala kalongonda amachita zina. Masamba ake otambalala amayalana pansi mpaka dzuwa kusowa polowera. Ukapisa dzanja kunsi kwake masana, dothi limakhala lozizira, lachinyontho, timaudzu tatuwa ndi kufooka. Mizu yake imasiyanso chonde m'nthaka. Agogo athu ankachita zomwezo poponya maungu ndi khobwe m'chimanga. Ku Ekwendeni, kuyambira mu 2000, alimi a bungwe la Soils, Food and Healthy Communities akhala akuyesa kalongonda komanso kuphatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi.

Kaufiti ndiye amachititsa khasu manyazi kwenikweni. Pomwe timaluwa take tofiira tikuonekera, amakhala atayamwa kale mizu ya chimanga pansi pa nthaka, ndipo njere zake zimatha kudikira m'dothi zaka zoposa 10. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, anapeza kuti chomera cha desmodium chikabzalidwa pakati pa chimanga, mizu yake imatulutsa timadzi tonyengerera njere za kaufiti kuti zimere, kenako nkuzilepheretsa kugwira chimanga. Kaufitiyo amafa ndi njala asanatuluke.

Izi sizikupereka mpumulo kwa waulesi wa m'Miyambo. Kalongonda akabzalidwa tsiku limodzi ndi chimanga amachikwera nkuchigwetsa, choncho amafuna mlimi wodziwa kuwerenga masabata. Nyemba zake ndi zaululu, zimafuna kuphikidwa nthawi yaitali, madzi akutayidwa mobwerezabwereza. Thukuta lilipobe, kungoti lina lachoka m'manja nkupita m'mutu. Mlimiyo ayeneranso kusankha chozula ndi chosiya, poti bonongwe ndi chisoso, zomwe bambo amazitcha udzu, mayi amazithyola kuti zikhale ndiwo.

Chovuta china chili kunja kwa malire a munda. Nandolo amakhala m'munda anthu atakolola kale chimanga, nthawi yomwe mbuzi zimatayiriridwa ndipo anyamata osaka mbewa amayatsa mapesi. Mlimi mmodzi sangateteze zophimba nthaka zake payekha. N'chifukwa chake m'midzi ina mafumu anakhazikitsa malamulo oti ziweto zizimangidwa mpaka nandolo atachoka m'munda, ndipo mwini mbuzi yowononga amaitanidwa pabwalo kukalipa chindapusa.