Kodi Tsamba Limatenga Mbali?

Kakonzedwe ka tsamba ndi luso loika zilembo, zithunzi ndi mipata pamalo pake, kuti diso la wowerenga lidziwe poyambira, popumira ndi pothera. Mfundo zake n'zochepa. Chofunika kwambiri chioneke msanga kuposa zina. Zinthu zogwirizana zikhale moyandikana. Mizere iyambire pamalo amodzi, zofanana zilembedwe mofanana, ndipo pasiyidwe malo opanda kanthu. Mnyamata wokonza mapulogalamu a maliro pakompyuta m'kashopu ka fotokope ku Kawale amagwiritsa ntchito mfundo zomwezi, kaya adaziphunzira m'kalasi kaya adangozitola poona anzake. Koma pansi pa lusoli pali funso lomwe anthu a nzeru zakuya ndi a zaumulungu akhala akulimbana nalo: kodi maonekedwe a mawu ndi tanthauzo lake n'zosiyana, moti china chingasinthe chinzake osakhudzidwa?

Yankho lina lotchuka lidaperekedwa ku London mu 1930 ndi Beatrice Warde, katswiri wa za kusindikiza. Iye adayerekeza tsamba labwino ndi kapu yagalasi yoonekera mkati, yomwe womwa saiganizira chifukwa maso ake ali pa chakumwacho. Kwa iye, wokonza tsamba wachita bwino pamene wowerenga sakuona n'komwe kuti pagwiridwa ntchito. Ganizoli lili ndi kudzichepetsa kwabwino, ndipo limadzudzula anthu odzaza tsamba ndi maluwa ndi zilembo zopindikapindika. Chofooka chake n'chakuti wokonza tsamba sangapewe kusankha. Akakulitsa mawu ena wachepetsa ena, ndipo akadula ndime pamalo ena walekanitsa zomwe mlembi mwina adazilumikiza.

Mbiri ya Baibulo ikuonetsa zimenezi poyera. Mabuku akale achigiriki, monga Codex Sinaiticus wa zaka za m'ma 300, adalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, popanda mpata pakati pa mawu, m'madanga anayi patsamba limodzi. Machaputala omwe akugwiritsidwa ntchito lero amati adagawidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200 ndi Stephen Langton, yemwe pambuyo pake adakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano adaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne ku Geneva mu 1551. Anthuwa sadawonjezere mawu m'Malemba, komabe adasintha kawerengedwe kake. Chaputala choyamba cha Genesis chimathera pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku la kupuma, lomwe ndi pachimake pa nkhaniyo, lidagwera m'chaputala chachiwiri. Nyimbo ya mtumiki wozunzika m'buku la Yesaya imayambira pa 52:13, koma owerenga ambiri amaiyambira pa chaputala 53 chifukwa nambala yaikulu ili pamenepo.

Mtundu wa inki nawo uli ndi mlandu wake. Mu 1899 Louis Klopsch wa ku New York adatulutsa Chipangano Chatsopano chokhala ndi mawu a Yesu m'zilembo zofiira. Chigiriki chakale chidalibe zizindikiro zoonetsa pomwe wolankhula wayambira ndi pomwe wasiyira, choncho wosindikiza ayenera kugamula yekha. M'chaputala 3 cha Yohane, Mabaibulo ena amatseka mawu a Yesu pa vesi 15, ena pa vesi 21. Vesi 16, yomwe mwana aliyense wa Sande sukulu amailoweza, imakhala yofiira m'buku lina ndi yakuda m'buku lina. Apa inki yatanthauzira Malemba, ndipo yachita zimenezi mwakachetechete, wowerenga osapatsidwa mwayi wotsutsa.

Pamene Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, ntchito yomasulira itatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lidabwera ndi machaputala ndi mavesi omwewo, ndipo Buku Loyera la 1998 lidawasunga. Phindu lake limaoneka Lamulungu lililonse ku Biwi kapena ku Area 23: mlaliki akatchula buku, chaputala ndi vesi, mpingo wonse umapeza malowo nthawi imodzi, ndipo mayi wokhala kumbuyo angathe kuona yekha ngati zolalikidwazo zilimodi. Manambala adapatsa munthu wamba mphamvu yoyesa mlaliki. Koma manambala omwewo adachititsa kuti vesi ioneke ngati chinthu choima pachokha, chotheka kuchizula n'kuchimata pagalasi la minibasi kapena pakhoma la golosale, mawu a patsogolo ndi pambuyo pake atasiyidwa.

Asilamu adatenga njira ina pa nkhani ya kufanana kwa masamba. Qur'an yosindikizidwa ku Madina, yolembedwa pamanja ndi Uthman Taha, ili ndi masamba 604, pafupifupi lililonse la mizere 15, ndipo tsamba lililonse limathera pamapeto pa vesi. Mwana woloweza ku madrasa amakumbukira mawu pamodzi ndi malo ake, kuti ali pamwamba kapena pansi, kumanja kapena kumanzere. Atapatsidwa buku lokonzedwa mwina, amasokonezeka ngakhale mawu ali omwewo. Kusasintha kwa tsamba kwasanduka mbali ya chikumbukiro cha wowerenga.

Mfundo yolemera kwambiri ndi ya kukula kwa zinthu, chifukwa kukula kumanena za ulemu. Zikwangwani za misonkhano ya chitsitsimutso ndi mapemphero a usiku wonse zomwe zimamatidwa pamipanda ndi pamitengo ya magetsi ku Area 25 ndi ku Mgona nthawi zambiri zimafanana: nkhope ya mneneri kapena m'busa yatenga theka la pepala, dzina lake ndi maudindo ake zili m'zilembo zazikulu, mutu wa uthenga uli pakati, ndipo vesi ili pansi m'tizilembo tosaoneka bwino. Wokonzayo angadziteteze kuti diso la munthu limathamangira nkhope, ndipo wodutsa panjinga ya kabaza alibe nthawi yowerenga zambiri. Zimenezo n'zoona. Komabe chikwangwanicho chalalikira kale za yemwe ali wamkulu pamsonkhanopo, ndipo nthawi zina chimatsutsana ndi zomwe mwini wake adzalalikire pagome. Palibe mawu abodza olembedwa, koma dongosolo lake lingathe kunama.

Bodza lotere limapweteka kwambiri pa za ndalama. Chilengezo cha ngongole chomwe chimakulitsa ndalama yobwereka ndi mawu oti "lero lomwe", n'kubisa chiwongoladzanja ndi chikole pansi penipeni m'tizilembo totuwa, chatsatira bwino mfundo ya kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Luso lilipo, koma lagwiritsidwa ntchito polimbana ndi wowerenga. Apa m'pomwe ganizo la Warde limathera mphamvu, pakuti tsamba lotere nalo ndi losalala ndipo diso silipunthwapo. Kumveka bwino pakokha si chilungamo. Funso lotsala ndi lakuti chomwe chaonetsedwa msanga n'chofunika kwa yani, kwa wolemba kapena kwa wowerenga.

Pulogalamu ya maliro imaonetsa mbali yofatsa ya nkhaniyi. Nthawi zikandandalikidwa kumanzere, zochitika pakati ndi oyankhula kumanja, zonse pamzere woongoka, woyendetsa mwambo sasochera pakati pa anamfedwa. Mayina a ana a malemu akakhala pamodzi ndi kulembedwa mofanana, palibe wodandaula kuti wapeputsidwa. Dzina la mwini mbumba likaiwalika, kapena la mfumu likatsikira pansi pa la mlendo wochokera kuntchito, kapepalako kangadzutse mkangano womwe udzatenge miyezi. Kuyandikana ndi kufanana pano ndi nkhani ya ubale.

Mfundo yovuta kuisunga m'matauni ndi ya malo opanda kanthu. Kale ntchito yokonza masamba inkagwiridwa ndi anthu ophunzitsidwa m'nyumba zosindikizira monga ya Akatolika ku Likuni, kungopitirira Chinsapo, komwe kunkatuluka nyuzipepala ya Odini, kapena ya ku Nkhoma. Lero aliyense wokhala ndi Microsoft Word, CorelDRAW kapena Canva pafoni ndi wosindikiza, ndipo kasitomala yemwe walipira pepala lonse amaona mpata ngati ndalama yotayika. Amafuna kuti nyimbo zonse, mbiri ya malemu, zithunzi ndi mawu othokoza zikwane patsamba limodzi kuti fotokope itchipe. Nkhawa yakeyo ndi yomveka. Koma mtengo wake amalipira ndi gogo wa maso ofooka yemwe sangawerenge tizilembo topanikizana, ndi wowerenga pang'onopang'ono yemwe amatsatira mzere ndi chala. Mpata pakati pa mizere ndi umene umawathandiza kupeza poyambira mzere wotsatira. Wokonza tsamba akamachepetsa zilembo kuti zonse zilowe, amakhala akusankhanso anthu omwe adzathe kuwerenga ndi omwe adzadikire kuwerengeredwa, ndipo vuto lomweli limabweranso pulogalamuyo ikatumizidwa pa WhatsApp n'kutsegulidwa pafoni ya galasi laling'ono.